Fodya wa Fainess m'chigafa cha alamu

Mzati umodzi wa bulugama unafika pa K3,000 chaka chimenecho ku Wimbe, ndipo chigafa choyanikamo fodya chimadya mizati yambiri, osanena za udzu ndi pulasitiki. Fainess analibe ndalama zimenezo. Chigafa chake chinagwa ndi mphepo ya mu Januwale, mwamuna wake Redson ali ku Joni, komwe foni yake imagwira ikafuna. Choncho fodya wake yense anali lende m'chigafa cha alamu ake, a Zakeyo, akulu ake a Redson. Anamupatsa mbali ya kummawa osamulipiritsa kanthu.

Aliyense wogula tomato pamsika wa Wimbe amamudziwa Fainess. Ndi mayi uja wosakhala pansi, amene amaunjika tomato, kugumula mulu, n'kuunjikanso wogula asanabwere n'komwe. Anabadwira ku Chulu m'banja la matenanti, olima fodya m'minda ya eni. Sukulu anaisiyira mu Sitandade 5, osati chifukwa cha mutu, koma chifukwa kuthyola ndi kusoka fodya kunkadya teremu yonse yachiwiri. Mpaka lero akaona mwana wa manja akuda ndi phula la fodya, satha kungomudutsa.

Manja oterowo anawaona mmawa wina atapita kukaona ngati masamba ake ayamba kufiira. Kuseri kwa chigafa kunali Tiyese, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, mwana wa tenanti wa a Zakeyo. Anali atagwada akusanza, diresi litanyowa ndi mame a m'munda. Linali Lachiwiri, belu la kusukulu likumveka kutsidya kwa dambo.

"Ndi malungo," anatero mayi ake a mwanayo, maso ali pansi.

"Malungo obwera tsiku lothyola fodya lokha, Lamulungu n'kupuma? Amake Tiyese, malungo amenewo ine ndinadwalapo. Ndi tsamba lonyowalo, limalowa pakhungu."

"Nanga titani? Abwana anati nyumba iliyonse itulutse manja onse, fodya asawonongekere m'munda."

Chovuta chinali chakuti a Zakeyo sanali munthu wouma mtima. Anali mkulu wa mpingo. Malata a tchalitchi anagula ndi iwo, ndipo wodwala akafooka galimoto yawo inkanyamuka osafunsa za mafuta. Za ana a matenantiwo mpingo wonse unkazidziwa, koma unali ndi njira yakeyake yodzudzulira munthu wamkulu: kumuneneza kwa Mulungu iye ali pomwepo. Wina akapatsidwa pemphero ankatsinzina n'kuyamba, "Atate, kumbukirani ena mwa ife amene chuma chawatseka m'maso." Aliyense ankadziwa amene akunenedwa, kupatula mwini wakeyo.

Fainess nayenso anayesa njira yomweyo. Lamulungu atamupatsa pemphero la chopereka, anapempherera ana amene makope awo akudyedwa ndi chiswe iwo akusoka fodya wa eni. "Ameni" wamkulu kuposa onse anachokera kubenchi ya akulu a mpingo.

Panja a Zakeyo anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Mlamu, pemphero lija! Mwawalasa a ku esiteti ya kumtunda aja. Anthu osaopa Mulungu amenewo."

Lolemba pamsika Fainess anagumula mulu wa tomato kambirimbiri, mpaka Sellina, mnzake wogulitsa usipa pabenchi yoyandikana, anamulanda beseni.

"Iwe, tomatoyu wakulakwira chiyani? Mbali yako unachita. Mulungu anamva."

"Mulungu ankadziwa kale. Amene sanamve ndi alamu."

"Ndiye ukawauze, fodya wakoyo ukamuyanike pamutu pako. Taona mitamboyo. Dikira aume, umange mabelo, kenako ukalankhule mpaka kukhosi kuwume."

Malangizowo anali anzeru, ndipo n'chifukwa chake anamusowetsa mtendere. Fodya akadzauma, kuthyola kudzakhala kutatha, teremu nayo itatha, Tiyese atabwereza kalasi kapena atasiyiratu. Fainess anakumbukira zimene anaphunzira asanabatizidwe, kuti mbale akalakwa umapita kwa iye muli awiri, ndipo akakana kumva m'pamene umatenga wina. Anakumbukiranso tchalitchi cha ku Chulu, kumene anthu ankapempherera ana a matenanti mokhudza mtima, iye ali m'chigafa ndi singano. Palibe mmodzi yemwe anayenda kukagogoda pakhomo pa bwana wa bambo ake.

Lachitatu masana anasiya benchi m'manja mwa Sellina. Anafika pa mphambano yopita kwa alamu ake, n'kubwerera. Anafikanso, n'kuima ngati wataya chinthu. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu n'kulunjika.

A Zakeyo anawapeza okha m'chigafa akukhudza masamba pamikangala yopachikapo fodya.

"Lowani, mlamu, n'kwanu kuno. Taonani fodya wanu mmene akufiirira. Chaka chino Redson adzachita manyazi ndi ndalama zake za ku Joni."

Fainess ananjuta pafupi ndi mzati. "Alamu, pemphero la Lamulungu lija ndinkanena inuyo."

Dzanja la a Zakeyo linaima patsamba.

"Ndinalakwa kukunenani pagulu ndisanabwere kwa inu. Ndiye ndabwera. Tiyese akudwala ndi fodya wonyowa, ndipo ana a matenanti anu sakupita kusukulu."

"Ine ndinalemba bambo wawo, sindinalembe ana."

"Munati nyumba iliyonse itulutse manja onse."

"Tonsefe tinakulira m'fodya, mlamu. Tinafa?"

"Sitinafe. Koma mwana wanu Caroline ali ku sekondale yogonera konko, manja ake oyera. Ine amene ndinakulira m'fodya ndi uyu mukumuonayu." Kenako anapitiriza: "Ndinu munthu wabwino, alamu. Mukanakhala woipa sindikanadzivutitsa. Mumatiphunzitsa Mawu, ndipo anawo amakumvani ali ndi chizungulire."

Kunja mphepo inayamba kutukula udzu wa denga. A Zakeyo anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana Fainess.

"Mukulankhula zimenezi muli pansi pa denga la yani?"

"Lanu."

"Pofika Loweruka mbali iyi ndikuifuna. Fodya wanga wachuluka."

Fainess anatuluka. Mvula inamupeza asanafike pamsewu, ndipo njira yonse m'maganizo ankaona masamba ake akuda ndi nkhungu, ogula ku okushoni akudutsa belo lake osaima. Sellina atamuona anangopukusa mutu, n'kumupatsa chitenje chouma. Mawu oti "ndinakuuza" anawasunga mpaka tiyi atatha.

Lachinayi mmawa Fainess anadzera dala njira ya kumunda. M'mundamo Tiyese munalibe. Anamupeza pakhonde la kwawo akusenda chinangwa. Mayi ake anati abwana anadutsa dzulo madzulo n'kunena kuti mwanayu apume mpaka malungo ake athe. Za sukulu sanatchule. Ana ena atatu anali m'mizere ya fodya, mitu yokha ikuoneka pamwamba pa masamba. Za Loweruka nazo palibe anabwera kudzasintha.

Fainess sanadziwe ngati aseke kapena alire, ndipo nthawi ya zonse ziwiri analibe. Tomato wotsala anagulitsa chipiku kwa mayi wa lesitilanti, n'kugula pulasitiki ndi chingwe kwa a Lajabu a golosale. Anayeza nyumba yake ndi maso: pabalaza, kuchipinda, khonde lakumbuyo. Fodya akhoza kukwana atathithikana, ngakhale wina adzawonongeka ndithu. Mwana wake Goodness azikagona kwa Sellina, chifukwa fungo la fodya wosauma si logona nalo mwana.

Mawa lake abwereka ngolo, asamutse fodya kusanagwe mvula ya masana. Lamulungu mapemphero asanayambe apitanso kwa a Zakeyo, ulendo uno ali ndi a Feliya, mtsogoleri wa amayi a mumpingo, kukanena za ana atatu otsalawo ndi za sukulu ya Tiyese.