Tchuthi Chimene Ndinaphunzira Kugwa

Matiresi aja anali a siponji, opyapyala pakati, okutidwa ndi nsalu ya maluwa imene amayi anagula ku Kamwala. Amalume ankagonapo pabalaza m'fulati yathu ya ku Kabwata. Loweruka, amayi akangopita kuntchito, amalumewo ankawapinda pawiri, n'kuwamanga ndi mphira, n'kuwabereka ngati mwana.

Ndinali ndi zaka khumi. Chaka cham'mbuyo ndinali nditathyoka mkono pogwa mumtengo wa mango, ndipo azimayi a kutchalitchi anati ndimayembekeza chiyani, mwana wamkazi akakwera mumtengo mango amawawasa. Mpaka lero sindidziwa ngati ankamvera chisoni ine kapena mangowo. Amayi anandiletsa kukwera chilichonse, ngakhale pampando kuti nditenge shuga. Mantha awo anandilowa. Masitepe a fulati ndinkatsika nditagwira khoma ngati nkhalamba.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi, ndipo katsikidwe kangako kankawanyansa. Tchuthi cha Ogasiti chitayamba ananditenga mozemba. Tinkakwera minibasi mpaka ku Woodlands, n'kuyenda wapansi mpaka nyumba zitatha, pamene panali kamtunda ka miyala yotuwa, ina yofika padenga la nyumba. Ndimakumbukira fumbi m'mano, fungo la lupsa, ndi kuthuma kwa mwala m'zikhatho. Anyamata a ku Kabulonga, dera la anthu olemera, ankabwera ndi nsapato zothina ndi timatumba ta ufa woyera woumitsa thukuta m'manja. Ine ndinkakwera opanda nsapato, nditadzola zidutswa za choko zimene aphunzitsi anandilola kutola.

Koma Maloweruka awiri oyamba sindinakwere kanthu. Amalume anati kukwera ngakhale mbuzi imatha, ife tiyambira kugwa. Ankayala matiresi pansi pa kamwala kofika m'chiuno, ine n'kumadzigwetsa: kufikira mapazi, kupinda mawondo, kugubudukira chagada manja ali pachifuwa. "Osaika manja kumbuyo!" Ndiwo mawu amene ndinawamva kuposa ena onse tchuthi chimenecho. Iwo ankaima kumbuyo kwanga mikono ili m'mwamba, osati kuti andiwakhe, koma kundikankhira pa siponji. Ndinkanyansidwa nazo, ndipo ndinkawauza.

Chimene chinatiulula ndi chisoso. Amayi anachipeza chitakakamira pansalu ya matiresi, kenako anaona zala zanga zosupuka. Anakalipa mpaka fulati yoyandikana ndi yathu inazimitsa wailesi. Amalume anadikira mkuntho udutse, n'kupempha chinthu chimodzi: amayi akaone okha kamodzi, akakana ndiye kuti zathera pomwepo.

Anabwera Loweruka lomaliza la tchuthi, chitenje chili m'chiuno, milomo ili chotseka. Ndinali ndi miyala itatu imene ndinkaikwera bwinobwino, ndipo ndinathamangira woyamba. Amalume anandibweza, n'kukayala matiresi pansi pa mwala wamimba umene sindinaugonjetsepo. Ndinawayang'ana ndi diso loipa. Ndinkadziwa kuti ndikalephera pamaso pa amayi, kumiyala sindidzabwerakonso.

Ndinalowetsa zala mumng'alu, phazi pakamphuno ka mwala, n'kudzikoka. Ndinapitirira msinkhu wa amalume. Patatsala pang'ono kuti ndigwire pamwamba, zala zinatsetsereka. Ndinamva amayi akukuwa dzina langa. Mapazi, mawondo, msana. Thupi linachita lokha, manja ali pachifuwa.

Ndinagona pamenepo n'kulira, osati ndi ululu koma manyazi. Amayi anandipapasa mkono uja kuyambira paphewa mpaka kuzala, kawiri. Anayang'ana mwalawo, kenako mlongo wawo. Atatero anandisasa fumbi kumsana.

"Manje ulilila chani? Nyamuka, ukwele futi," anatero amayi, kundiuza kuti ndikwerenso.

Sindinaufike pamwamba tsiku limenelo. Pobwerera ndinakana kukhala pafupi ndi amalume m'minibasi, chifukwa anandichititsa manyazi pomwe miyala yanga itatu inalipo. Amayi ankasekera amalumewo pansipansi, ine n'kumadabwa kuti chosangalatsa n'chiyani munthu nditalephera. Sindinkadziwa kuti amayi sankakayika zoti ndingathe kukwera. Chimene anali asanaonepo ndi mwana wawo akugwa, n'kudzuka ali wathunthu.