Tsiku Limene Adada Anavula Nsapato Kuchipatala

Ndikukumbukira mphasa yanga itayanikidwa kuseri kwa nyumba yathu ya aphunzitsi ku Mwazisi, mmawa uliwonse. Ndinali mu Sitandade 3 koma ndinkakodzabe pogona, ndipo nthawi zina mkodzo unkangotuluka ndili m'kalasi. Pokodza pankawotcha ngati tsabola. Thupi likatentha ankandimwetsa mankhwala a malungo, ndikapezako bwino n'kuyambiranso. Adada, omwe anali mphunzitsi wamkulu komanso mkulu wa mpingo, ankati ndi ulesi chabe. Kawiri konse anandikwapula ndi kanthambi ka bulugamu.

Zala zanga zazikulu za m'manja zinali zazifupi, moti pensulo ndinkaigwira ngati mpini wa khasu. Anzanga ankandiseka, koma palibe ankaganiza kuti zalazo n'zogwirizana ndi matenda anga.

Chaka china ndinadwala kanayi. Amama anaumirira mpaka tinakwera matola kupita ku Rumphi Boma, ndipo kumeneko anatitumiza ku Mzuzu. Dokotala wake anali mayi wa ku Dedza, wolankhula mofatsa. Anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kounikira m'kati. Kenako anatembenuza manja anga, nayang'ananso mapazi. Atakweza maso, anaona manja a Adada atagwira chipewa.

"Bambo, tavulani nsapato," anatero.

Adada anali munthu wopita ngakhale kudimba atapisira malaya, ndipo ine ndinali ndisanaonepo mapazi awo opanda sokosi. Anavula pang'onopang'ono. M'nsapatomo munatuluka nyuzipepala zofwinya zimene ankatsekera kutsogolo. Amama anayang'ana kudenga. Mapaziwo anali aang'ono, chala chachikulu chachifupi, chimodzimodzi anga.

Dokotala anafotokoza kuti ndi matenda osowa kwambiri a kumtundu, okhudza manja, mapazi ndi njira ya mkodzo. Kwa ena amangoonekera pa zala. Kwa ine mkodzo unkabwerera ku impso, n'chifukwa chake thupi linkatentha, ndipo tikanachedwa impsozo zikanawonongeka. Anandilembera mankhwala a tsiku ndi tsiku, nati ndizipita kuchimbudzi pafupipafupi ngakhale ndisanamve mkodzo.

"Ndiye kuti wazitengera kwa ine?" anafunsa Adada.

"Inde. Koma inu simunasankhe, nayenso mwanayu sachita dala."

Kudepoti Adada anandigulira nthochi. Kenako ananjuta pafumbi pomwepo, ndi buluku lawo la kutchalitchi, mpaka nkhope yawo inalingana ndi yanga.

"Tiwonge, mwana wane, ndinakulakwira chomene. Undikhululukire."

Sindinadziwe kuti mwana amayankha bwanji bambo ake akapepesa. Ndinangoti, "Yewo, Adada," nthochi ili m'kamwa.

Kuyambira pamenepo, nthawi yopita kuchimbudzi ikakwana Adada ankadutsa pawindo la kalasi yathu n'kutsokomola kawiri, ine n'kutuluka mwakachetechete. Aphunzitsi ena ankadandaula kuti chifuwa cha ahedi sichikumva mankhwala.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi matenda omwewa, koma anamuunika impso asanathe mwezi, ndipo zonse zimene ndikufuna kudziwa ndimaziwerenga pafoni. Ine ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi ndili ndi manyazi pa chinthu chimene chinalibe ndi dzina lomwe; iye ayamba sukulu aphunzitsi ake akudziwa kale. Tsiku limene tinapita naye ku Mwazisi, Adada, atakalamba tsopano, anamunyamula, nayang'ana abale onse amene anadzaza pakhonde.

"Ameneyu," anatero, "munthu asadzamukweze mawu."