Akulu a Zitini ndi Mlendo Wotsokomola

Akulu a chipinda choyandikana ndi chathu sindiwakhulupirira. Kale ankayendetsa malole kudutsa mayiko ambiri, ndipo pakhonde pawo padzaza zitini za mbewu zachilendo zimene amati anabwera nazo m'matumba a malaya. Mwana wanga akalira, amagogoda khoma n'kufunsa ngati watentha thupi. Akufunanji kwa mwana wa eni?

Amakonda kunena kuti palibe chinayenda chokha padziko. Ati tomato, singano ya dokotala ndi chikuku zonse zinakwera pamsana pa mlendo, ndipo mitundu ina ya anthu inatheratu chifukwa cholandira bwino alendo. Amanena izi akumwetulira.

Sabata yatha alamu anga anafika kuchokera kutali, maso ali psuu, akutsokomola. Atangotambasula manja kuti anyamule khanda, akuluwo anatulukira pakhomo.

"Achimwene, mwanayu sanabayitse katemera wa chikuku. Muoneni ndi maso."

"Madala, awa ndi magazi anga. Inu ndinu ndani pano?"

"Palibe. Koma pamalire ngakhale mbuzi amayamba aiyang'ana m'kamwa."

Bambo a mwana anandikodola kuti ndimupereke. Ndinanama kuti wadzionongera, n'kulowa naye kuchipinda, n'kukhoma chitseko.

Alamu anachoka osanditsanzika, ndipo bambo a mwana akundiyankhabe ndi mphuno. Akuluwo sindinawathokoze, sindikudziwa chimene amafuna. Koma m'mawa uliwonse ndimapita ndi mwana pawindo n'kumufufuza zidzolo za chikuku kuseri kwa makutu. Mpaka lero khungu lake lili see.