Mchombo Usanagwe

Mwana wanga wachiwiri ankayamwa mwa apo ndi apo. Akakoka pang'ono ankasiya, thukuta lili kamukamu pachipumi, milomo itada ngati wadya nthudza. Kukiliniki ya kwathu ku Sinda anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Katete. Ndinapita ndi apongozi anga aakazi, munthu woti akanena kuti nyemba sizinapse, ngakhale moto umavomera. Amuna anga anatsala ndi mwana wamkulu.

Dokotala anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenako anati mtima uli ndi bowo, tiyenera kupita ku Lusaka.

Namwino atafunsa dzina la mwana, apongozi anandidula ndisanatsegule pakamwa.

"Alibe. Mchombo sunagwe."

Kwathu khanda silipatsidwa dzina mchombo usanagwe. Mwambowo ndinkaudziwa, koma ndinkadziwanso mbali yake ina imene palibe ankaitchula. Khanda likamwalira lopanda dzina amakaliika amayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire mokweza. Choncho mawu akuti "alibe" ankandimvekera ngati ayamba kale kumutaya mwana wanga. Ndinakwiya kwambiri.

"Amayi, kodi mukudikira mchombo, kapena pali china chimene mukudikira?" ndinawafunsa.

Anangokonza kachubu ka mpweya kamene kanasuntha pamphuno pa mwana.

Masiku odikira ambulansi anali aatali. M'mawa uliwonse apongozi ankamasula thewera n'kusuzumira kachingwe kouma kaja, kali chigwirire. Kamakina koyeza mpweya kakalira, tonse tinkadzambatuka pamodzi, kenako aliyense n'kuyang'ana kwake. Tinkadyera mbale imodzi osalankhulana.

Tsiku la ulendo, tikukwera ambulansi, mwana anabanika. Anada thupi lonse, timanja tili lende. Namwino anandikankhira pambali n'kuyamba kumupopera mpweya. Ine ndinangogwira chitseko. Amene anakuwa ndi apongozi. Anaitana mwanayo ndi dzina la malemu amuna awo, mokweza mpaka odikirira odwala pansi pa mitengo anatembenuka.

"Iwe, ndikukuitana! Bwerera kuno!"

Anabwerezabwereza dzinalo. Mwana anatsokomola, kenako analira ndi kamawu kosasa. Mchombo unali usanagwe.

Unakagwa tikuyandikira Nyimba, mwana ali m'tulo, kachubu kali pamphuno, ife tisakudziwa ngati a ku Lusaka akautha mtimawo. Apongozi anautola n'kuumanga pansonga ya chitenje chawo kuti ukakwiriridwe kumudzi. Mkwiyo wanga unali usanathe, ndiye ndinawafunsa kuti dzinalo analisankha liti.

"Tsiku lomwe anabadwa," anatero akuyang'ana pawindo. "Ndinkaopa kulizolowera."