Thukuta la a Jere

Ntchito yocheka matabwa ku Luwawa anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankagulitsa matabwa pa Mzimba. Ndinachoka kwathu ku Dowa ndi bulangete limodzi, osadziwa kuti kuzizira kwa kumapiri kumeneko kumalowa mpaka m'mafupa.

Kapitawo anandipereka kwa a Jere, bambo wachikulire wa ku Champhira, amene mnzawo wocheka naye anali atapita ku Joni. Sowo yathu inali ya anthu awiri. Chipika cha paini tinkachigubuduzira pathandala pamwamba pa dzenje, n'kuchilemba mizere ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Wapamwamba amatsata mzere, wam'dzenje amakoka, utuchi n'kumamuthira m'maso. Wam'dzenjeyo ndinali ine. A Jere ndiwo ankanola mano a sowo ndi tupa, uku akundiseka: "Iwe wa ku Dowa, ukukoka ngati ukupempha."

Lamulo la kapitawo linali limodzi, loti sowo isagone. Ikangogona, ankaipereka kwa anthu ena awiri. A Jere, mmisiri wodziwika, akanabwerera tsiku lililonse. Koma ine mlendo, wosadziwa ngakhale kunola, ndikanangouyamba wa ku Dowa chimanjamanja. Iwo zimenezi ankazidziwa bwino.

Mwezi wa Juni anayamba kutsokomola. Poyamba chinali chimfine wamba, ndipo kunkhalango kuja chimfine sachigonera, amati umachitulutsa ndi thukuta. Kangapo konse ine ndemwe ndinachira choncho. Koma m'mawa wina ndinawapeza m'chisakasa akunjenjemera, thupi lili moto, akupuma atagwira nthiti.

"Adada, lero gonani," ndinatero.

"Ndikagona iwe ukwera basi ya ku Dowa. Tiye, thukuta lichotsa."

Kapitawo anawayang'ana kamodzi kokha. "Mbwenu mukachirire pachipika," anatero, n'kumapita.

Tinacheka. Dzuwa litakwera ndinaona sowo ikuphonya mzere, chinthu chimene a Jere anali asanachitepo. Thukuta lawo linkandidonthera pamodzi ndi utuchi. Ndinachepetsa dala kukoka kuti apumeko, iwo n'kumenya phazi pachipika kuti ndisawachitire zachibwana. Mantha anandigwira, koma ndinakokabe. Kenaka sowo inangoti zii. Nditayang'ana m'mwamba ndinawaona atagwada, mutu atautsamiritsa pachigwiriro.

Tinawakweza pa lole ya matabwa mpaka kuchipatala ku Mzimba. Anati ndi chibayo. Namwino anandifunsa kuti, "Munthu wotentha thupi chonchi mumamugwiritsa ntchito bwanji?" A Jere sanachire. Sabata isanathe tinali titawaika kwawo ku Champhira. Akazi awo anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, mwawaperekeza." Mawu amenewo amandipwetekabe.

Ntchito sinandithere. Anandipatsa mnzanga wina, ndipo pang'onopang'ono ndinaphunzira kunola, mpaka ndinakwera pamwamba pa chipika. Malo amene a Jere anandisungira ndi omwe andilerera ana, ndipo sindinawakondwerepo ndi mtima wonse.

Masiku ano m'mawa uliwonse ndimayamba ndamukhudza pakhosi mnzanga wam'dzenje. Chikakhala chimfine cham'mphuno timacheka, koma mosathamanga. Thupi likatentha, kapena chifuwa chikamabaya, sowo ndimaipachika ndekha, munthuyo apite kuchipatala. Akapitawo ena amakalipa, amati thukuta lichotsa. Ine ndimangowauza kuti thukuta limenelo linandidonthera kumaso, ndipo mwini wake ndinakamuika ku Champhira.