Chala Changa pa Chitsulo cha Ndege

Kachitsuloko kanali koyera, kopepuka ngati khoko la mtedza, mbali imodzi kali ndi maenje osalala. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anabwera nako kuchokera ku Joni nthawi ya Chitaganya, ife tikukumba mtedza ku Nambuma. Anabweranso ndi chifuwa.

Kumeneko ankagwira ntchito yopepuza zitsulo za ndege. "Ndege sifuna kulemera," ankatero. Sankasema ayi. Ankamata phula pomwe akufuna patsale, n'kuviika chitsulo m'mankhwala otentha, mankhwalawo n'kudya poonekera pokha. Nthunzi yake ankaipuma tsiku lonse, kumphuno kulibe kanthu. Koma eni ntchito amene aja! Chitsulo ankachiteteza ndi phula, munthu ayi.

Tsiku lina anandiitana pakhonde. "Iwe ndiye wa sukulu, eti? Dzandilembere dzina langa." Iwo kulemba sankadziwa. Anamata phula mbali inayo ya kachitsulo kaja, ine n'kumakanda zilembo ndi msomali, lilime lili panja. Ndi phuma langali ndinagwira pomwe phula linali lisanaume, n'kumatukira kuchala. Anasungunula soda wophikira sopo m'phale, n'kuviikamo. Munachita thovu, fungo loswa mphuno, iwo kutsokomola mpaka kugwira nsanamira. Atapala phula, dzina linatuluka bwinobwino, pambali pake kadzenje ka chala changa. Ndinalira kuti ndawononga.

"Kasiye," anatero. "Ndizidziwa kuti uli pompo."

Anaboola timabowo tiwiri ta misomali. Ine liwiro kwa amayi, kukawaonetsa chikwangwani cha pachitseko cha nyumba imene atsibweni adzamange. Amayi sanayang'ane n'komwe. Anandituma kumadzi, mtsuko uli wodzaza.

Matenda atakula ananditumiza kwa azakhali ku Nsaru. Pobwerako anandiuza kuti atsibweni apita ulendo. Kwathu mwana saponda kumanda, choncho dzinalo ndinadzalionanso ndili ndi ana anga, poika amayi. Linali pamtengo wa kumutu kwa manda a atsibweni, khungwa litayamba kulimeza, kadzenje kanga kali pompo. Mtima unandiwawa, ndipo sunaleke.

Koma chaka chimene anandiuza za ulendocho ndinasakasaka kachitsuloko paliponse, m'sutikesi anasiya, patsindwi, kuseri kwa nkhokwe. Ndinamenya mwana wa eni ake kuti ndiye waba. Ndipo tsiku ndi tsiku ndinkawavutitsa amayi, iwo n'kumangotembenukira kukhoma:

"Nanga akabwera, adzakhoma chiyani pachitseko?"