Bambo Oyeserera Kufa Lachinayi

Bambo okalamba a m'nyumba ina yofiira amati Lachinayi ndi tsiku lawo lofa. Mwana wawo Sindre wamera imvi, koma satha kudzisamalira yekha. Nyumba anakaisiya kale m'manja mwa Torunn, mwana wa mlongo wawo, kuti adzamusungire Sindreyo.

"Koma nyumba siphika supu," amatero.

Ndiye Lachinayi lililonse amadzitsekera kuchipinda kuti Sindre azolowere kudya ndi Torunn. Poyamba Sindre ankagogoda chitseko uku akulira.

Sabata yatha kunali zii. Bambowo atatuluka, anapeza mbale ziwiri zokha patebulo, Sindre akuseka.

"Amalume, lero sanakufunseni n'komwe," anatero Torunn.

"Ndi zomwe timafuna," anayankha bambowo, n'kubwerera kuchipinda osadya.